Ndinalemba kuti ndi misala, koma inali pelagra: lipoti la wodwala wa ku Angónia

Ndimagwira ntchito ngati tekiniko wa matenda a maganizo pa chipatala china chaching'ono cha kumudzi m'boma la Angónia, kuno ku Tete. Matekiniko a mtundu wathu anayamba kuphunzitsidwa m'zaka za m'ma 1990, boma litaona kuti madokotala a maganizo m'dziko muno ndi owerengeka, ndipo zipatala zogoneka odwala otere zili kutali, ku Infulene ku Maputo ndi ku Nampula. Choncho wa khunyu, wa kachasu amene wayamba kunjenjemera, wosowa tulo, womva mawu amene anzake sakuwamva, onsewa amathera pa khomo langa. Munthu akangofika pa geti atamangidwa, palibe amafunsanso kuti alowe chipinda chiti. Mlonda amangoloza kwa ine.

Kulozako ndiko kunayamba kundisocheretsa pa wodwala uyu. Ndalemba zonse, ndi pamene ndinalakwitsa pomwe, kuti anzanga a ku Tsangano, ku Macanga, ku Chifunde ndi kwina konse kodalira chimanga aizindikire msanga nthenda ya pelagra, yobwera ndi kusowa kwa vitamini B3, ikawapeza. Wodwalayo ndiwatchula kuti Nangozo, ngakhale si mfunda wawo. Mudzi sindiutchula, ndipo eni ake anavomera kuti nkhani yawo ilembedwe.

Mmene anafikira

Nangozo ndi mayi wa zaka 34, mlimi, wa ana anayi. Wotsiriza anali ndi miyezi 10 ndipo anali akuyamwa. Kachilombo ka HIV anawapeza nako ku sikelo ali ndi pakati pa mwana ameneyu, ndipo anayamba TARV, mankhwala a ma ARV, tsiku lomwelo, piritsi limodzi lija la tenofovir, lamivudine ndi dolutegravir. Mu Sepitembala 2024 anawawonjezera isoniazid 300 mg pa tsiku, wowateteza ku chifuwa chachikulu. Mowa samwa, chamba sanachilawepo. Ku mtundu kwawo kulibe wa misala kapena wa khunyu. Amuna awo anapita ku Moatize kukafuna ntchito mwana asanabadwe.

Anafika Lachiwiri lina pakati pa Januwale 2025, pa njinga yamoto, atawapanikiza pakati pa woyendetsa ndi mlongo wawo. Manja anali omangidwa kutsogolo ndi chidutswa cha chitenje. Kunali mvula yowaza ndi kamphepo kathu kozizira ka kumapiri kuno, ndiye anali atavala juzi la manja aatali, chitenje china atafunda mpaka m'chibwano, duku kumutu. Mlongo wawoyo, yemwe ndi mwini mbumba, ndiye ankayankhula.

"Adokotala, mlongo wangayu mutu wabalalika. Ino ndi sabata yachitatu."

Anafotokoza bwino, mosadumpha. Poyamba Nangozo anangokhala duu, kupsa mtima ndi ana pa zinthu zazing'ono. Kenako kuiwala: mphika kupserera pamoto iwo ali pompo, kupita ku chitsime ndowa ataisiya. Tsiku lina anabwera kuchokera ku munda mwana atamusiya pansi pa mtengo. Usiku sankagona, ankakuwa kuti padenga pali njoka, kuti nyerere zikuwayenda m'thupi, kuti panja paima anthu a zikwanje. "M'mawa amakhalako bwino, ngakhale kusesa amasesa. Koma dzuwa likangopendeka, zayambanso."

Mawu otsirizawa ndinawalemba m'fisha, khadi la wodwala, ndi dzanja langa, koma sanalowe m'mutu mwanga.

Anali atapita kale kwa sing'anga, amene anawatema mphini pachipumi nanena kuti pali wina wa kuchimuna akufuna kuwachotsa pa banja. Anagonanso masiku awiri kumapemphero. Pa izi sindidzudzula munthu. Chipatala chili kutali, sing'anga ali tsidya la dambo, ndipo iye amakhala nawo pamphasa ola lathunthu, zimene ine tsiku la mzere ndimalephera.

Kupima kwanga koyamba

Panja panali anthu opitirira makumi atatu, ambiri odzatenga mankhwala a khunyu a mwezi. Ndinayeza malungo, sanapezeke. Thupi silinali lotentha, 36.7. Shuga anali bwino. Khosi linkapindika popanda vuto. Ndinatsegula khadi la TARV, n'kuona kuti kachilombo sikakuoneka m'magazi, mtima wanga n'kukhala pansi. Mzere wa isoniazid ndinauona ndithu, koma ndinaudutsa ngati chinthu chosandikhudza, cha anzathu a chipinda china.

Nditawafunsa dzina anayankha. Nditafunsa kuti lero ndi lachingati, anaseka, n'kuyamba kutola tinthu tosaoneka pa chitenje. Ndinawamasula manja, ndipo pa mfundo za manjawo ndinaona khungu lakuda, long'aluka. Ndinati ndi chingwe. Juzi sindinawavule, chitenje cha m'khosi sindinachisunthe, lilime sindinalione. Sindinafunse za m'mimba, sindinafunse zimene akudya.

M'kaundula ndinalemba psicose aguda, kutanthauza misala yoyamba mwadzidzidzi. Ndinapereka mankhwala a misala otchedwa chlorpromazine, 100 mg usiku uliwonse, chifukwa ndi amene analipo ndipo achibale ankangopempha kuti munthu agone. Ndinati abwerenso pakatha masabata awiri.

Buku la mhGAP la bungwe la WHO, lotsogolera pa matenda a maganizo, limene linatuluka koyamba mu 2010, timaligwiritsa ntchito tsiku ndi tsiku, ndipo pa mutu wa psicose limayamba ndi funso lomwelo limene ndinalidumpha: kodi palibe matenda a m'thupi amene akusokoneza munthuyu? Chisokonezo chobwera ndi matenda a m'thupi, chimene m'mabuku timati delirium, chili ndi nkhope yakeyake. Chimabwera msanga, chimakwera n'kutsika pa tsiku limodzi, chimakula madzulo. Wodwala sadziwa tsiku kapena malo, sagwira mfundo, ndipo kawirikawiri amaona zinthu ndi maso m'malo momva mawu. Wa psicose weniweni angakuuze kuti akazitape akumulondola, koma tsiku amalidziwa, njira ya ku msika amaidziwa. Nangozo anali ndi zizindikiro zonse za delirium. Kukanangotenga mphindi imodzi kuwauza kuti atchule masiku a sabata chobwerera m'mbuyo, kuyambira Loweruka, ndikanaona kuti sakutha. Mayi wa zaka 34, wosadwalapo mutu, amene ali ndi HIV, akasokonezeka mwadzidzidzi, thupi ndilo loyamba kufufuzidwa. Izi ndimaphunzitsa anamwino ine ndemwe. Tsiku limenelo ndinaona chingwe, n'kuona mzere wa panja, basi.

Patatha sabata, APE, wazaumoyo wa m'midzi wa kudera lawo, mnyamata wakhama amene amayendera midzi isanu pa njinga yakapalasa, anandiimbira. Anati mayi aja akugona, koma khungu la m'mikono likusupuka ngati lapsa ndi moto. Ndinamuyankha pa foni pomwepo kuti chlorpromazine amachita zimenezo, amapangitsa khungu kupsa ndi dzuwa, choncho azifunda ndi kukhala pa mthunzi. Zimene ndinanenazo n'zoona za mankhwalawa, ndiye chifukwa chake zinandiphimba m'maso kachiwiri. Khungu lomwelo ndinali nditalipezera zifukwa ziwiri, chingwe ndi mankhwala, osaliona lonse ngakhale kamodzi.

Kubweranso

Anabwera nawo pa tsiku la 11, osati pa njinga tsopano, koma pa machira a nsungwi mpaka pamsewu, kenako pa ngolo. Anali ofooka, maso olowa, milomo youma, akuyankha movutikira. BP inali 90/60, mtima ukugunda ka 112 pa mphindi. Sikelo inaonetsa makilogalamu 43. Zovala zinali zoipitsidwa ndi chimbudzi chamadzi. Tinawagoneka pa bedi limodzi mwa mabedi athu ochepa, namwino n'kuika dripi, ine n'kupita kukalemba kalata yowatumizira ku chipatala cha ku Ulongwe.

Pa chipatala chathu pali mayi wina wachikulire amene amakolopa ndi kusambitsa odwala. Kwawo ndi ku Mutarara, ndipo nthawi ya nkhondo ali mtsikana anathawira ku Malawi, ku kampu ya Mankhokwe m'boma la Nsanje. Anandipeza ndikulemba.

"Mwanawanga, siyani kaye cholemberacho. Tiyeni mukaone khosi la mayi uja."

Anali atawavula kuti awasambitse, ndipo aka kanali koyamba kuti ine ndione thupi la wodwala wangayo. Kuzungulira khosi lonse panali mzere waukulu wakuda bii, wokhakhala ngati khungwa la mtengo, wotsikira pachifuwa. Unathera ndendende pamene pamathera khosi la bulauzi, ndipo kunsi kwake khungu linali losalala, labwinobwino, ngati wina wachita kulemba malire ndi pensulo. Kuseri kwa manja onse awiri mpaka m'zigongono kunali chimodzimodzi, kumanja ndi kumanzere mofanana, mwina mong'aluka mukutuluka madzi. Pamwamba pa mapazi panali powauka, koma pamene pamadutsa zingwe za patapata panatsala timizere tiwiri toyera tokumana pa chala. Lilime linali lofiira ngati nyama yaiwisi, losalala, ndipo m'mbali mwa milomo munali mong'ambika. Chingwe chimasiya chipsera chozungulira pa mfundo pokha. Izi zinali paliponse pamene dzuwa la ku munda limafika.

"Ku Mankhokwe tinaziona izi," anatero mayiwo. "Atasiya kutipatsa mtedza, amayi ambiri anavala mkanda umenewu. Ena ankabwebweta ngati uyu."

Zimene ankakumbukirazo zinalembedwa. Mu 1990, pakati pa Febuluwale ndi Okutobala, anthu opitirira 18,000 mwa othawa nkhondo a ku Mozambique okhala kumwera kwa Malawi anadwala pelagra, mtedza utasiya kupezeka pa chakudya chimene ankalandira, ndipo amayi ndiwo anadwala kwambiri kuposa abambo. Nthendayi inabukanso ku Sofala pambuyo pa namondwe Idai mu 2019. Ine ndinaiphunzira ku sukulu, tsamba limodzi, ndi zizindikiro zake zitatu: khungu, kutsegula m'mimba, kusokonezeka mutu, kenako imfa ngati palibe chithandizo. Koma ndinali ndisanaionepo pa munthu.

Chimene chimachitika m'thupi

Pelagra ndi kusowa kwa niacin, vitamini B3. Chimanga chili nayo niacin, koma yomangika mwa njira yoti m'mimba mwathu simutha kuimasula. Thupi limathanso kupanga niacin yake kuchokera ku tryptophan, kachigawo ka zakudya zomanga thupi, pafupifupi 60 mg ya tryptophan kupereka 1 mg ya niacin, koma chimanga chilinso ndi tryptophan wochepa. Anthu a ku Mexico ndi ku Guatemala, kumene chimanga chinachokera, amachiphika ndi laimu kapena phulusa asanachipere, ndipo zimenezo zimamasula niacin. Mbewu inawoloka nyanja, koma kaphikidweko kanatsala. N'chifukwa chake dokotala wa ku Spain, Gaspar Casal, anaiona nthendayi mu 1735 pakati pa alimi osauka a ku Asturias odya chimanga, ndipo mkanda wa m'khosi uja mpaka lero umatchedwa dzina lake. Chondikhudza ine kwambiri n'chakuti odwala pelagra ankadzaza zipatala za amisala ku Italy ndi kumwera kwa dziko la United States. Joseph Goldberger, amene anayamba kuifufuza mu 1914, anaona kuti m'zipatala zimenezo odwala ankaitenga koma anamwino ayi, ngakhale ankakhala limodzi. Chosiyana chinali mbale.

Nsima payokha si mdani. Makolo athu ankaidya ndi ndiwo zotendera, nyemba, mbewa, ngumbi, nsomba, ndipo zimenezo zinkakwaniritsa chosowacho. Vuto limabwera ndiwo zikatha n'kutsala nsima yokha.

Ndinakhala pansi ndi amayi awo a Nangozo pakhonde la wodi, n'kufunsa mafunso amene ndinayenera kufunsa masiku 11 m'mbuyomo. Mvula ya 2023 mpaka 2024, chaka cha El Niño, inadula chimanga chikumasula. Chimene anakolola chinatha mu Okutobala. Mtedza, nyemba ndi soya anagulitsa zonse kwa mavenda nthawi yokolola kuti abweze ngongole ya feteleza. Nkhuku zinatha ndi chitopa. Kuyambira Novembala Nangozo ankagwira ganyu yopalira ndi kubandira m'minda ya anthu, kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka, malipiro ake chimanga cha m'mbale. Chimangacho ankakonola, kuviika mphale masiku atatu, kuti apeze ufa woyera, poti mgaiwa kwawoko amauona ngati wa anthu osowa ulemu. Ndiwo zinali nkhwani kapena chisoso, mchere basi, popanda nsinjiro. Ankadya kamodzi pa tsiku, ana akatha, kwinaku akuyamwitsa.

"Nanga m'mimba anayamba liti kutsegula, amayi?"

"Khirisimasi isanafike."

"Bwanji simunandiuze tsiku lija?"

"Simunatifunse, adokotala. Ife tinabwera ndi za mutu."

Chinatsala ndi isoniazid. Mankhwalawa amasokoneza vitamini B6, pyridoxine, amene thupi limafuna posandutsa tryptophan kukhala niacin. Ndiye munthu amene akudya nsima yokha, kanjira kamodzi kamene kanatsala kopezera niacin nako kamatsekeka. Ku Malawi, atayamba kugawa isoniazid kwa anthu ambiri a HIV mu 2017, ofufuza anapeza kuti omwa mankhwalawa ankadwala pelagra kwambiri kuposa ena. Isoniazid amayenera kuperekedwa limodzi ndi pyridoxine. Nditafunsa ku famasi kwathu, anandiuza kuti pyridoxine anatha mu Okutobala ndipo anali asanabwere. Nangozo anamwa isoniazid yekha miyezi itatu, miyezi yomweyo imene nkhokwe inali mbee.

Chithandizo

Ambulansi sinathe kubwera tsiku limenelo chifukwa mtsinje wa panjira unali utadzaza. Ndinakambirana pa foni ndi dokotala wa ku Ulongwe, ndipo tinagwirizana kuyamba pompo. Tinaimitsa chlorpromazine ndi isoniazid. TARV tinapitiriza. Tinayezanso malungo ndi shuga, tinayeza chindoko, zonse zinali bwino. Magazi anali ochepa, 9.1. Tinapitiriza dripi, kenako madzi a mchere ndi shuga a m'mapaketi atayamba kumeza bwino.

Mlingo umene WHO imalangiza kwa wamkulu ndi nicotinamide, mtundu wina wa niacin, 300 mg pa tsiku, wogawa katatu, kwa masabata atatu kapena anayi. Amasankha nicotinamide osati nicotinic acid, mtundu winanso wa niacin, chifukwa winayu amatenthetsa ndi kuyabwitsa nkhope. Ife nicotinamide payekha tinalibe. Tinali ndi mapiritsi a B complex, ndipo nditawerenga pa botolo ndinapeza kuti lililonse lili ndi 20 mg yokha. Apa anzanga musamale: piritsi limodzi katatu pa tsiku, mmene timalembera mwachizolowezi, silifika ngakhale theka la mlingo. Dokotala anavomera kuti tipereke asanu katatu pa tsiku, ndipo tinkawaphwanya n'kusakaniza ndi phala. Tinabayanso jekeseni wa B complex masiku awiri oyamba, poganizira thiamine, vitamini B1, chifukwa munthu wosowa vitamini imodzi ya gulu limeneli kawirikawiri amasowanso zinzake. Pa khungu tinangotsuka ndi madzi oyera, kupaka mafuta, ndi kuphimba pong'aluka. Mayi wathu wokolopa uja anabweretsa nsinjiro za kunyumba kwake, n'kumaphika phala lotendera pa mbaula kuseri kwa wodi.

Usiku woyamba anabwebwetabe, amayi awo atawagwira dzanja, nyali tinaisiya yoyaka kuti mithunzi isawaopseze. Usiku wachiwiri anagona mpaka m'bandakucha popanda mankhwala ogonetsa. M'mawa wa tsiku lachitatu ndinawapeza atakhala tsonga, akuyang'ana dripi, kenako khoma, kenako amayi awo.

"Amayi, kuno n'ku chipatala? Nanga mwana wayamwa?"

Agogo aja anangogwira pakamwa. Ndinawapempha Nangozo kuti atchule masiku chobwerera m'mbuyo. Anafika Lachinayi n'kusochera. Pa tsiku lachisanu anamaliza onse. Kutsegula m'mimba kunachepa pa tsiku lachitatu n'kusiya pa lachisanu ndi chimodzi. Mtsinje utaphwera tinawatumizabe ku Ulongwe kuti akatsimikize kuti palibe china chobisala. CD4, muyeso wa chitetezo cha m'thupi, inali pamwamba pa 400, chifuwa chachikulu sichinapezeke, ndipo anabwerako ndi nicotinamide 100 mg ndi pyridoxine. Khungu ndilo linachedwa. Linasupuka sabata yachiwiri, pansi pake n'kutuluka lofiirira, ndipo pofika sabata yachinayi mkanda uja unali ngati mthunzi chabe. Chifukwa cha kuwonda tinawalembetsa kuti azilandira chiponde, mwananso tinamuyeza n'kumuika pa ndondomeko ya ana opereŵera zakudya.

Isoniazid sitinayambirenso, koma timawafunsa za chifuwa, kutentha thupi ndi thukuta la usiku pa ulendo uliwonse. Wina asamve ngati ndikunyoza mankhwalawa. Chifuwa chachikulu ndicho chimapha anthu a HIV ambiri kuposa nthenda ina iliyonse, ndipo isoniazid wapulumutsa ochuluka. Chimene ndikunena n'chakuti m'miyezi ya njala, kwa mayi woyamwitsa amene akudya nsima yokha, kumupatsa isoniazid popanda pyridoxine ndiponso osamufunsa za ndiwo n'kumuika pa ngozi.

Zimene zinatsala mutu utabwerera

Ndikanatha kutseka fisha pamenepa, ndipo poyamba ndinafunadi kutero, chifukwa mtima unkandiuza kuti nkhani yonse inali ya vitamini. Koma atabwera pa sabata yachiwiri, mutu uli bwinobwino, Nangozo sankandiyang'ana. Mayankho anali a liwu limodzi. Ndinapempha mlongo wawo kuti atidikire panja, namwino wamkazi n'kutsala nafe.

"Mayi, thupi likuchira. Nanga mumtima muli bwanji?"

Anakhala chete nthawi yaitali, akupotokola nsonga ya chitenje. Kenako zinatuluka. Amuna awo anakwatira mkazi wina ku Moatize, ndalama anasiya kutumiza mwana ali ndi miyezi iwiri. Za kachilombo sanawauzepo, poopa kuti adzati ndiwo anakabweretsa. Mapiritsi ankabisa m'thumba la ufa. Ndipo tsopano pa chitsime amayi anzawo ankasuntha ndowa iwo akafika, ana a eni ake ankathawa, mwana wawo wamkulu anamenyana ku sukulu chifukwa chonenedwa kuti ndi mwana wa wamisala. "Zoti ndinasiya mwana ku munda ndangomva kwa anthu. Mayi wotani ameneyo? Bola ndikanangopita."

Ndinawafunsa mosazungulira ngati akuganiza zodzipha. Anati maganizo ofuna kufa amabwera usiku, koma sanakonzepo njira, ndipo akaganiza za wamng'onoyo amaleka. Pa mafunso a PHQ-9, oyezera kuvutika maganizo, anapeza 16, kutanthauza kuvutika maganizo kokulirapo. Ndinalingalira za mankhwala a kuvutika maganizo. Amitriptyline ndi woopsa munthu akamwa wambiri nthawi imodzi, ndiye sindinafune kuti akhale m'nyumba ya munthu woganiza za imfa. Fluoxetine amakhalitsa m'thupi, ndipo kwa mayi woyamwitsa timamupewa ngati pali njira ina. Komanso pelagra payokha imagwetsa mtima, ndipo anali pakati pa chithandizo. Ndinasankha kudikira, koma osati kungokhala. Tinagwirizana kukumana sabata iliyonse, APE aziwayendera pakati pa sabata, ndipo mwa chilolezo chawo ndinauza mlongo wawo kuti mankhwala a mbewu ndi a makoswe achoke m'nyumbamo, amayi awo azigona nawo.

Pa zokambirana zathu, chimene chinawamasula kwambiri si luso langa la uphungu ayi, koma kumva dzina la nthenda yawo. Ndinawauza momveka kuti amene anasiya mwana ku munda anali munthu wodwala, amene ubongo wake unasowa chakudya chifukwa chakudyacho ankapatsa ana. Ndinawauzanso kuti ine ndinalakwitsa tsiku loyamba, kuti mankhwala amene ndinawapatsa sanali oyenera, ndipo ndinapepesa. Anandiyang'ana koyamba tsiku limenelo. Mavuto enawo tinkatenga limodzilimodzi: choyamba ndiwo, kenako ganyu ya pa dzuwa, kenako nkhani ya banja, imene anasankha okha kuitula kwa ankhoswe. Zouza amuna awo za kachilombo tinasiyira aphungu a TARV, pa nthawi imene eni ake adzakonzeke.

Za m'mudzi ndinapita ndekha ndi APE. Anyakwawa anaitanitsa anthu pansi pa mtengo, ndipo Nangozo anavomera kuti ndifotokoze za pelagra, za HIV osatchula. Ndinanena kuti si misala, si ufiti, sipatsirana pa chitsime. Ndinalankhula za kusunga ndowa ya mtedza ndi nyemba osagulitsa zonse, za kutendera ndiwo, za kapenta wa ku Cahora Bassa kapena usipa ndalama ikapezeka, za mazira. Mgaiwa ndinati ndi wabwino kuposa ufa woyera, koma ndinachenjeza kuti pawokha suteteza, poti niacin yake ndi yomangika ija. Bambo wina anafunsa kuti ngongole ya feteleza adzabweza ndi chiyani akasunga mtedza. Funso lake linali lolondola, ndipo ndinalibe yankho lomukwanira. Sing'anga uja analipo. Titabalalika anandipatula n'kundiuza kuti chaka chimenecho anaonapo khungu lotero pa anthu ena awiri, ndipo tinapangana kuti akadzalionanso aziwatumiza.

Pa sabata yachisanu ndi chimodzi PHQ-9 inatsika kufika pa 8, maganizo a imfa atasiya. Mu Meyi sikelo inaonetsa makilogalamu 49. M'kaundula ndinadula mawu aja a psicose aguda ndi mzere umodzi kuti aziwerengekabe, pambali ndinalemba delirium chifukwa cha pelagra, tsiku, ndi siginecha yanga.

Kaundula

Nangozo atachoka ku wodi, ine ndi namwino wa TARV tinatenga mayina a onse amene anali pa isoniazid kuyambira Okutobala, n'kumawavula majuzi ndi kuona makosi, manja ndi malilime pa tsiku lawo lotenga mankhwala. Tinapeza atatu ali ndi khungu lowauka, onse amayi, mutu usanasokonezeke. Anachira ndi mapiritsi ndi nsinjiro. Tsopano aliyense wolowa m'chipinda changa, womangidwa kapena woyenda yekha, ndimamuona khosi, manja, mapazi ndi lilime, ndimafunsa za m'mimba ndi ndiwo za dzulo, ndipo amatchula masiku chobwerera m'mbuyo ndisanagwire cholembera.

Ndinabwereranso m'kaundula wanga wa chaka chonsecho, kufufuza aliyense amene ndinamulemba psicose koyamba ali wamkulu kale. Panali bambo wina wa zaka 52, womwa kachasu, wokhala yekha, amene anabwera mu Novembala 2024 atasokonezeka. Ndinamupatsa chlorpromazine, ndipo sanabwerenso. M'fisha yake, pa za khungu, sindinalembe kanthu. Ndinatuma APE wa kudera lake kuti akamufune. Anabwerako Lachisanu, n'kundiuza kuti bamboyo anamwalira mu Disembala. Mchemwali wake anati anatsegula m'mimba masabata atatu, ndipo manja ake anali ngati apsa ndi moto.